Uthenga wa pa Njinga Yopanda Mabuleki

1. Sukulu ya m'chigafa

Kwa a Chulu belu la sukulu linali khasu lakutha. Analipachika pa mtengo wa mango, ndipo woliza wake anali Eustace, kamnyamata ka zaka zisanu ndi chimodzi kamene kankaitenga ntchitoyi ngati ufumu. Wina akangoyerekeza kuligunda khasulo, Eustace ankalira mokuwa mpaka agalu a kutsidya n'kumuyankha.

Ana m'banjali analipo asanu ndi atatu. Woyamba anali Vitalis, wa zaka khumi ndi zinayi. Wopondana naye anali Febby. Kenaka Jennipher, Abraham, Eustace uja, mapasa osamva ngati mbuzi, ndi khanda la kumsana. Mlendo akafika pakhomopo ankayamba wafunsa ngati pali msonkhano wa chipani.

Banjali linasamuka ku Chadiza m'chaka cha 1973 kudzafuna minda ku Kaumbwe. Minda anaipezadi, ya dothi labwino lobereka mtedza. Koma sukulu inali kutali, kutsidya kwa mtsinje wodzaza msanga m'dzinja, ndipo m'makalasi munalibe malo a ana obwera pakati pa chaka. Mayi awo a anawa, a Rosemary, anali mphunzitsi asanakwatiwe. Sanadandaule nthawi yaitali.

"Sukulu si njerwa," iwo anatero. "Pakakhala wodziwa ndi wofuna kudziwa, sukulu yakwana. Sesani chigafacho."

Choncho chigafa chakale cha fodya chimene anachipeza pamalopo chinasanduka kalasi. Bolodi linali chitseko chothyoka chimene bambo awo, a Whiteson Chulu, anachidetsa ndi makala a m'mabatire a wayilesi. Choko chinali chinangwa chouma. Vuto la choko chotere n'lakuti mapasa ankachidya. Mphunzitsi akangotembenuka, ndiye kuti phunziro latha, masaya a mapasa ali mbuu.

Tsiku linkayamba ndi pemphero ndi nyimbo imodzi. Kenaka onse kumunda mpaka dzuwa litayamba kuluma pamsana. Akabwerako, Eustace ankaliza khasu lake, aliyense n'kukhala pa chipika chake. Ang'onoang'ono ankalemba pansi ndi timitengo. Samu ankawerengera nthanga za bwemba. Masana kunali mpira wa nsanza, ndipo zigoli zake zinkatha ndi mlandu tsiku lililonse. Unali moyo wokoma ndithu, ndipo anawo ankadziwa kuti ndi wokoma.

Vitalis ndi Febby sankasiyana. Ankatunga limodzi madzi pa ngolo, Vitalis akuyendetsa ng'ombe, mlongo wakeyo atagwirira mgolo kuti usagwe. Vitalis anali katswiri wa samu, koma wosayankhulayankhula. Febby anali ndi pakamwa pa anthu awiri. Ndiye anayamba kutola chiyankhulo cha eni dera, Ansenga, kuchitsime, n'kumabwera nacho kunyumba ngati nkhuni. Amayi a m'mudzi akamulonjera kuti "Muli tyani?" iye ankayankha osaphethira.

"Funsani Febby," bambo ake ankatero moseka. "Ndiye Mnsenga wathu m'nyumba muno."

Mawu amenewa ankamukoma Febby kuposa uchi. Pamenepo ndi pamene panagona vuto.

2. Lonjezo la a Mubita

Lamulungu lina, mapemphero atatha, a Mubita anaima pakhomo pa tchalitchi n'kumufunsa Vitalis samu zingapo za pamtima. A Mubita anali mphunzitsi wamkulu wa sukulu ya kutsidya ija, munthu wamtali wochokera kutali kumadzulo kwa dziko. Vitalis anayankha zonse akuyang'ana pansi.

"A Chulu, mwana uyu asakhale m'chigafa mpaka kukula," anatero a Mubita. "Sukulu ikatsegulila, kuzabwela mkulu wa maphunzilo kuchoka ku Boma ku Petauke. Azabwela tsiku limodzi chabe. Akamuyesa mwana uyu n'kukhoza, azalowa Giledi 7. Akaphonya tsikulo, basi, chifukwa chaka cha mawa zaka zake zizapitilila. Tsiku likadziwika nizatumiza uthenga."

Anagwirizananso kuti akakhoza, Vitalis azikakhala kwa mkulu wa mpingo pafupi ndi sukuluyo, chifukwa cha mtsinje uja. Kunyumba azibwera pa tchuthi pokha.

Kuyambira tsiku limenelo nyumba yonse inkadikira uthenga. A Whiteson anagula pensulo yatsopano yachikasu, yoyamba kulowa m'nyumbamo yosadula pakati. Vitalis ankaisunga m'nsungwi ya denga, kutali ndi mano a mapasa.

M'mawa wina mayi awo anaimitsa phunziro la kuwerenga n'kuwayang'ana onse.

"Ana inu, tamverani. Sitikudziwa kuti uthengawu udzapeza ndani panjira. Uthenga uli ngati dzira la mwini. Umalifikitsa momwe walilandirira. Suliswa panjira kuti uone m'kati, suliphikanso kuti likome. Munthu akakutuma mawu, udzanene mawu akewo, osati ako. Ngati sunamve, funsa. Ngati wafunsa koma sunamvebe, funsanso, ngakhale akuseke. Kusekedwa sikuchotsa khungu. Ndidziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo. Iwe Febby, usayang'ane kudenga, ndikunena iwe makamaka, chifukwa pakamwa pako pamathamanga n'kusiya makutu m'mbuyo."

Ana onse anaseka. Febby naye anaseka, koma mawuwo analowera khutu ili n'kutulukira linalo.

3. A Stanislaus adutsa ngati mphepo

Linali Lachitatu m'mwezi wa Januwale. Usiku kunali kutagwa mvula, ndiye Febby anatumidwa kukazula bowa m'mbali mwa msewu wa ngolo, pamene msewuwo umatsetserekera kudambo.

Ali chiweramire anamva kulira kwa zitsulo ndi nkhuku. Anali a Stanislaus, mlimi wa m'mudzi woyandikana nawo, akutsika chitunda pa njinga yawo. Njinga imeneyi inkadziwika dera lonse. Mabuleki ake anatha kalekale, ndipo atsopano sankapezeka m'sitolo ngakhale ku Boma. A Stanislaus ankaimika ndi chidendene, koma tsikulo msewu unali woterera, ndipo kumbuyo anali atamanga dengu la nkhuku.

"Iwe mwana wa a Chulu!" anakuwa akudutsa, maso ali tong'o. "A Mubita akuti mayeso ya Vitalis, mailo! Kuseniseni! Uuze atate ako!"

Fyuu! Anapita. Kunangotsala nthenga ziwiri zikuuluka.

Febby anaimirira, bowa ali m'manja. Liwu loti mailo ankalidziwa, kapena tinene kuti ankaganiza kuti akulidziwa. Kuchitsime ankamva amayi akuti, "Mailo kunagwa mvula," kapena, "Ninamuona mailo ku chigayo." Kwa iye mailo anali dzulo basi, panalibenso zofunsa.

Kumunsi kudambo, a Stanislaus anali atatsika pa njinga n'kumaikankha pokwera chitunda chinacho. Mwana wa miyendo ngati ya Febby akanawapeza asanafike pamwamba. Anawayang'ana, n'kuganiza zowathamangira. Koma Mnsenga wa m'nyumba ya a Chulu akafunse tanthauzo la liwu limene ngakhale mwana woyamwa amalidziwa? Nkhani yake ikafike kuchitsime? Anatola dengu lake n'kulunjika kunyumba.

Anapeza makolo ake akupalira mtedza kuseri kwa khola.

"Ndakumana ndi a Stanislaus," anatero akupuma mwawefuwefu. "A Mubita akuti mayeso a Vitalis anali dzulo m'mamawa."

Mwaliona liwu lakuti "anali" limenelo? A Stanislaus sanalinene. Dzira linasweka panjira.

4. Madzi akatayika

Khasu la mayi ake linagwa pansi.

"Dzulo? Mayo ine! Nanga uthengawo unagona kuti?"

"Mwina anawatuma kale a Stanislaus, iwo n'kuiwala," anatero a Whiteson pang'onopang'ono. "Si munthu woipa, koma mutu wake uli ngati njinga yakeyo." Anapukuta thukuta ndi chipewa. "Wamvetsa bwino, Febby?"

"Ndamva bwinobwino, atate."

"Basi. Madzi akatayika saoleka. Loweruka ndidzapita kukapepesa kwa a Mubita, angaganize kuti tinanyoza."

Vitalis anali pa mzere wachitatu kuchokera pamenepo, ndipo anamva zonse. Anamaliza mzere wake, n'kuyamba wina, n'kumalizanso. Eustace ataliza khasu la sukulu, Vitalis sanabwere m'chigafa. Anamasula ng'ombe n'kupita nazo kudambo.

Phunziro la tsikulo linali lozizira. A Rosemary analemba samu pa bolodi, n'kufufuta, n'kulembanso yomweyo. Mapasa anadya choko chonse popanda wowaletsa. Jennipher anaona mayi ake akupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje cha khanda, iyenso n'kuyamba kusisima.

Febby anamumvera chisoni mlongo wake, zimenezo n'zoona. Koma tisabise, pansi pa chisonicho panali kachimwemwe. Vitalis sachokanso. Ngolo ya madzi aziyendetsabe awiri. Pa mpira wa nsanza mbali yawo izipambanabe. Anachita manyazi ndi kachimwemweko, koma sikanachoke.

5. Sefa ya amayi Anastazia

Dzuwa litapendeka, kunabwera amayi Anastazia, a nyumba yoyandikana nawo, mayi wonenepa wa nthabwala amene anabadwira n'kukulira ku Kaumbwe komweko. Anapeza Febby akutsuka mbale pathandala.

"Odi kuno! Amai ako alipo? Nibwelekeniko sefa, yanga yang'ambika. Nizabweza mailo."

Febby anaseka mpaka mbale kutsala pang'ono kugwa.

"Amayi, mubweza bwanji dzulo chinthu chimene mukubwereka lero?"

Amayi Anastazia anagwira m'chiuno n'kumuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"A-a! Si ndiwe amene umati unatsiliza chikambidwe chathu? Khala pansi nikuuze. Ise kuno tsiku imene yagundana na lelo timati mailo, kaya ili kumbuyo, kaya ili kutsogolo. Nikakamba kuti ninabwela mailo, ndiye yapita. Nikakamba kuti nizabwela mailo, ndiye ikalibe kufika. Umamvela mau yamene yayenda nayo. Inu a ku Chadiza muli na mbale ziwili, dzulo na mawa. Ise tili na mbale imodzi, ndipo sitinagonepo na njala."

Febby anasiya kutsuka mbale.

"Nanga munthu akangoti mailo basi, osawonjezera kanthu?"

"Ndiye umufunse! Kamwa unapatsidwa ya chani, kudyela mango chabe? Mwana wanga, osafunsa anadya phula. Nipatse sefa nizipita, ufa wanga uzadyewa na nkhuku."

Febby anawapatsa sefa. Amayiwo atapita, anabwereza chamumtima mawu a pa njinga aja, limodzi limodzi. Mayeso ya Vitalis, mailo. Kuseniseni. Munalibe "anali". Munalibenso "adzakhala". Ndipo munthu angavutikirenji kukuwa kuti kuseniseni pa chinthu chimene chinapita kale?

6. Khasu lilira nthawi yolakwika

Febby anamupeza Vitalis kukhola akutsekera ng'ombe. Abraham anali atakhala pa mtanda wa kholalo, atanyamula chinthu chachikasu m'manja onse awiri ngati kamwana ka nkhunda.

"A Vitalis andipatsa pensulo yawo!" anakuwa Abraham. "Yonse, yosadula!"

"Ine ndiitani?" anatero Vitalis osatembenuka. "Mlimi amalemba ndi pulawo." Kenaka anamuyang'ana Febby n'kuyesa kumwetulira. "Usade nkhawa, iwe. Mwina ndi mmene Mulungu wafunira. Ndikanapita, mgolo uja ukanaukweza ndi ndani pa ngolo? Jennipher? Angagwere momwemo."

Apa ndiye panali poterera kuposa pa chitunda cha a Stanislaus. Palibe amene ankadziwa. A Stanislaus uthenga anapereka, a Mubita akanangoganiza kuti banja lasintha maganizo. Febby akanangotseka pakamwa mpaka mawa masana, Vitalis akanakhala pakhomo mpaka kalekale. Koma akayankhula, ndiye kuti avomere pamaso pa onse, ngakhale pa mapasa, kuti Mnsenga wa m'nyumba sadziwa kusiyanitsa dzulo ndi mawa. Ndipo mphotho yake ikhala kutsala yekha ndi mgolo.

Anayang'ana kumwetulira kwa mlongo wakeyo. Kunali kumwetulira kwa munthu amene waponda minga koma safuna kuti anzake aime.

Febby anathamangira ku mtengo wa mango, n'kutola chitsulo cha Eustace. Ngwee! Ngwee! Ngwee!

Eustace anatulukira kuseri kwa nkhokwe akulira kale. "Langa! Belu langa! Amayi, a Febby aliza belu langa!"

Onse anasonkhana, bambo ali ndi nkhwangwa m'manja poganiza kuti kwalowa njoka. Febby anagwada patsogolo pa makolo ake.

"Atate, amayi, uthenga uja ndinausintha. A Stanislaus sananene kuti dzulo. Anati, 'Mayeso ya Vitalis, mailo, kuseniseni.' Mawu ake ndi omwewo."

"Anati anali mailo?" anafunsa bambo ake.

"Ayi. 'Anali' ndinaikamo ndine. Ndinkayesa kuti mailo ndi dzulo lokha. Ndikanatha kuwathamangira kukafunsa, koma ndinachita manyazi."

Ngakhale Eustace anasiya kulira. A Rosemary anayang'ana amuna awo, amuna awo n'kuyang'ana dzuwa, limene linali litatsala pang'ono kukhudza mitengo.

"Amake Vitalis, tenthetsani simbi, musite malaya a mwanayu," anatero a Whiteson akutsamiritsa nkhwangwa pa mtengo. "Koma tisalakwenso kawiri. Mailo angakhalebe dzulo. Iwe Febby, dzuka. Funso limene unalisiya pamsewu ukalifunse wekha."

7. Kufunsa

Febby ndi bambo ake anawapeza a Stanislaus pakhonde akupaka mafuta pa bondo losupuka. Njinga inali itagona chagada pabwalo ngati yakomoka.

Febby anagwada n'kupereka moni. Mawu anatuluka ang'onoang'ono.

"Bambo, pepani. Mailo amene munanena aja, ndi apita kapena akubwera?"

A Stanislaus anaseka mpaka kugwira bondo lopwetekalo.

"Wakutsogolo, mwana iwe! Pa Chinayi! Nanga nikanazipweteka chonchi chifukwa cha mayeso yakutha? A Chulu, mulawile, mtsinje ukalibe kukwela."

Anamusekadi, monga ankaopera. Akazi awo a Stanislaus nawonso anatuluka m'khitchini kudzaseka nawo. Febby anadzigwira pa tsaya. Khungu linalipo lonse.

Pobwerera bambo ake ankayenda patsogolo, manja ali kumbuyo.

"Atate," anatero Febby, "pali chinanso. Nditamva kuti a Vitalis sapita, ndinakondwa pang'ono."

A Whiteson anaima n'kutembenuka.

"Ukuganiza kuti unakondwa wekha? Ine ng'ombe zija andigwirira ndani? Mwana wanga, tamvera. Kukonda munthu n'kosavuta pamene ali pambali pako akukusenzera katundu. Kumavuta pamene zabwino zake zili kutsidya kwa mtsinje. Nkhuku imafungatira mazira kuti anapiye atuluke, osati kuti akhale m'chigoba iyo izimva kutentha. Ukamugwira mwendo mlongo wako lero, adzakhala nawe, inde, koma tsiku lililonse uzidzamuona akuyang'ana kutsidya, iwe ukudziwa chimene unachita. Limenelo si banja. Ndipo za chinenero cha eni dera, uchitenge ngati mtsinje wathu uja. Kuuwoloka kangapo m'chilimwe si kuudziwa. Inenso ndinalakwa kukutcha Mnsenga usanathe ngakhale chaka kuchitsime. Ndinakukweza pa mtengo, ndiye unaopa kutsika. Kuyambira lero, m'nyumba mwanga wofunsa sasekedwa."

Anayambanso kuyenda. Patapita kanthawi anawonjeza, osatembenuka: "Koma belu la Eustace ukapepese. Mlandu umenewo ine sindingauthe."

Madzulo amenewo nyimbo ya pa pemphero inamveka mpaka kwa amayi Anastazia. Malaya a Vitalis anali atapachikidwa pa chingwe, osalala ngati pepala. Eustace anakhululuka atalonjezedwa kuti mawa aliza belu kawiri. Abraham yekha ndiye anavuta. Anati chopatsidwa sichilandidwa, ndipo pensulo anaibweza Febby atamupatsa mango ake onse a tsikulo.

8. Kutsidya

Ananyamuka kutangoyera, a Whiteson, Vitalis ndi Febby, amene anapempha kuti anyamule kathumba ka chimanga chokazinga. Mtsinje unali wofika m'mawondo, wofiira ndi dothi. Vitalis anavula malaya ake osita n'kuwasenza pamutu, dzanja linalo atagwira mlongo wake.

Pabwalo la sukulu panali galimoto ya Boma, matayala ali matope okhaokha. Ana a yunifolomu anali pa mzere akuimba nyimbo ya fuko. A Mubita anawalandira pakhomo pa kalasi, ndipo a Whiteson anawafotokozera mwachidule chimene chinatsala pang'ono kuchitika.

A Mubita anapukusa mutu akuseka. "Mau yamene ayo! Ine nitangofika kuno ninakhala pa Nyimba tsiku yonse kudikila basi ya mailo, kansi inapita kale. Usadandaule, mwana. Vitalis, lowa, akuyembekeza."

Vitalis anagwira m'thumba la malaya, kenaka la kabudula. Nkhope yake inasintha. Febby anamasula mfundo ya pa chitenje chake n'kutulutsa pensulo yachikasu ija, itasongoledwa bwino, youma ngakhale anawoloka nayo mtsinje.

"Kalembeni," anatero. "Mgolo ndizikweza ndi Jennipher. Akagweramo ndizimuvuula."

Vitalis anailandira ndi manja awiri, monga amalandirira chinthu kwa munthu wamkulu. Analowa n'kukhala pa benchi la kutsogolo. Mtima wa Febby unali mbee, wopepuka kuposa dzulo.

Anasendera pa zenera kuti amuone komaliza. Pa bolodi lenileni, lolembedwa ndi choko chenicheni, panali samu yogawa imene ana a dzulo anaisiya osamaliza. Pakamwa pa Febby, monga mwa nthawi zonse, sipanadikire chilolezo. Anatchula yankho motsitsa mawu.

"Wati bwanji?" anafunsa a Mubita kumbuyo kwake.

Febby anadzidzimuka, n'kubwereza yankholo. A Mubita anayang'ana pa bolodi, n'kuyang'ana mwanayo, kenaka n'kutembenukira kwa bambo ake.

"A Chulu, m'chigafa chanu muli angati otele? Pa benchi paja pali malo ya mwana wina. Mkulu uyu sazabwelanso chaka chino. Mukavomela, alowe manje."

Febby anayang'ana bambo ake. Kunyumba kunali mayi ndi khanda kumsana, mapasa, minda yosapalira, ndi ana ena atatu ofuna wowawerengetsa. Vitalis akachoka, dzanja lamanja la mayi ake linali Febby. A Whiteson anavula chipewa n'kuyamba kuchizunguliza m'manja, maso ali kumtsinje kumene anachokera.

M'kalasimo, mkulu wa ku Boma anali atayamba kale kugawa mapepala.